Mwana wanga ali sitandade 4 koma kuwerenga kukumukanika, ndiyambire pati?

Mayi wa anyamata awiri (Lolemba, 20:14)

Moni nonse a m'gulu muno. Nthawi zonse ndimangowerenga za anzanga, lero ndabwera ndi langa. Mwana wanga woyamba ali ndi zaka 9, ali sitandade 4. Lipoti la teremu yathayi silinabwere bwino, ndipo aphunzitsi ake andiuza kuti akapitiriza chonchi adzabwereza kalasi. Chikundiwawa n'chakuti mwanayu si wogona ayi. Mukamufotokozera nkhani pakamwa amaigwira yonse, mawa lake akubwezerani mwatsatanetsatane. Tochi ikasiya kuyaka ndi iye amayamba kufufuza pomwe waya waduka. Koma mungomupatsa buku, nkhope imagwa. Amayang'ana chithunzi n'kumangolota mawu. Homuweki yaing'ono imatidyera madzulo onse, mapeto ake iye akulira, ine mutu ukuwawa. Masiku ano wayamba kudandaula m'mimba m'mawa uliwonse wa sukulu, koma Loweruka ali bwinobwino. Bambo ake akuti ndi ulesi basi. Inu amene munadutsamo, ndiyambire pati?

Bambo wa mapasa (20:31)

Pepani mayi. Ine ndingati mupezereni mphunzitsi wa pati taimu teremu isanapite patali. Anga awiriwa masamu ankawavuta, atayamba kupita kwa aphunzitsi ena masana zinthu zinasintha. Pakhomo mwana amakuzolowerani, kwa munthu wina amamvetsera.

Agogo a zidzukulu zisanu (20:40)

Mwananga, musataye mtima. Ana sakula mofanana, wina amayenda msanga, wina mochedwa, koma onse amayenda. Zaka 9 ndi mwana ndithu. Akabwereza palibe chalakwika, kusiyana n'kukagwa kutsogolo atakula.

Mphunzitsi wopuma (21:05)

Mayi, ndaphunzitsa makalasi a ana aang'ono kwa zaka zambiri, ndiye mundilole nditalikitse pang'ono. Musanalipire aliyense, musanavomere zobwereza, fufuzani kaye pomwe mwanayu waima. Lipoti limangokuuzani kuti walephera mayeso a sitandade 4. Silikuuzani ngati vuto lili pa malembo, pa maphatikizo, pa liwiro la kuwerenga kapena pa kumvetsa zomwe wawerenga, pomwe chilichonse mwa zimenezi chili ndi kathandizidwe kake.

Mawa, iye atadya n'kupuma, mng'ono wake ali kwina, tengani mapepala anayi. Pa loyamba lembani malembo khumi osakanizasakaniza. Musawandandalike a, b, c, chifukwa nyimbo ya alifabeti ana amailoweza asakudziwa lembo ndi limodzi lomwe. Pa lachiwiri lembani mawu afupiafupi monga mutu, galu, bwera, mphepo, nkhope. Pa lachitatu ziganizo zinayi zosavuta. Pa lachinayi kankhani ka mizere khumi kopanda chithunzi. Yambani ndi pepala la ziganizo. Akawerenga bwino kwerani ku nkhani, akakakamira tsikirani ku mawu, akakanikanso tsikirani ku malembo. Musamukonze, musause moyo iye akumva, ingosungani mumtima pomwe wapunthwa. Muuzeni kuti awa si mayeso, mukungofuna kudziwa poyambira.

Njirayi sindinaipeke ine. Bungwe la Pratham la ku India lakhala likuyesa ana motere khomo ndi khomo kuyambira mu 2005, ndipo chaka ndi chaka linkapeza kuti pafupifupi theka la ana akumudzi a kalasi yachisanu sankatha kuwerenga nkhani ya kalasi yachiwiri. Iwo anayamba kugawa ana m'magulu potengera pomwe afika, osati kalasi yomwe ali, n'kumawaphunzitsa kuchokera pamenepo. Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, omwe analandira mphoto ya Nobel mu 2019, ndi ena mwa akatswiri omwe anaifufuza njirayi n'kupeza kuti imathandizadi. Ku Zambia anaitengera mu 2016, amaitcha Catch Up.

Bambo a mapasa, pati taimu sindikuikana. Koma ambiri ophunzitsa masana amangobwereza zomwe zinali pa bolodi m'mawa. Ana anu zinawathandiza mwina chifukwa anangotsalira pang'ono. Mwana amene maphatikizo sanawagwire, mukamupatsa ntchito ya sitandade 4 m'mawa ndi masana, ndiye kuti akulephera kawiri pa tsiku.

Namwino wa ana (21:32)

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi, koma ndiwonjezere za m'thupi, chifukwa ana ambiri otchedwa aulesi amakhala kuti akudwala chinachake chosaoneka.

Maso poyamba. Mwana amene saona patali sadandaula, amaganiza kuti aliyense amaona bolodi mwa chimbuuzi ngati iye. Muoneni ngati amatsinzinira poyang'ana kutali, ngati amayandikitsa buku kumaso, kapena ngati makope ake ali ndi mawu odukaduka okopera molakwika. Kuchipatala kuyeza sikutenga nthawi, amamuimika pa mtunda wa mamita 6 n'kumuwerengetsa tchati, diso limodzi limodzi. Pali tchati china cha ana osadziwa malembo, amangoloza komwe miyendo ya E yaloza.

Makutu nawo. Mwana amene ankatuluka mafinya m'khutu ali wamng'ono, kapena amene madzi amakhazikika kuseri kwa nembanemba ya khutu akadwala chimfine, amamva mawu mosamveka bwino, makamaka m'kalasi ya phokoso. Kuphunzira kuwerenga kumadalira kusiyanitsa maliwu, ndiye khutu likatsekeka kuwerenga kumavutanso.

Kenako magazi. Kuchepa kwa magazi ndi njoka za m'mimba zimamufooketsa mwana, amangoyasamula m'kalasi. Tulonso tiwerengereni: madokotala oona za tulo ku America amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12 pa tsiku. Ana ambiri okhala ndi foni kapena TV madzulo safika pamenepo.

Pomaliza, ngakhale izi sizichitikachitika, pali mtundu wa khunyu womwe mwana sagwa pansi. Amangoti ndwii kwa masekondi pafupifupi khumi, mukamuitana sayankha, kenako n'kupitiriza zomwe amachita osadziwa kuti chachitika n'chiyani. Zimatha kuchitika kambirimbiri pa tsiku ndipo mankhwala ake alipo.

Za m'mimbazo musazitenge ngati bodza. Nkhawa imapweteketsadi m'mimba. Mufunseni modekha chomwe chimachitika m'kalasi, makamaka nthawi yowerenga mokweza.

Malume a ana (22:04)

Ine ndilankhula zomwe ena safuna kumva. Ife tinkawerenga chifukwa tinkadziwa kuti tikalakwa chikwapu chilipo. Masiku ano ana tikuwanyengerera kwambiri. Bambo akewo mwina akuona zoona. Sindikuti mumuvulaze, koma mwana azidziwa kuti sukulu si masewera.

Wokonza magetsi (22:41)

Malume, mwaulemu wonse, ine ndine mmodzi mwa ana omwe chikwapu sichinawaphunzitse kuwerenga. Mukamati "ife tinkawerenga" mukuwerengera okhawo omwe anapitirira. Ena a m'kalasi mwathu anangosiya sukulu, ndipo masiku ano palibe amawakumbuka pokamba za ubwino wa chikwapu.

Ndikuuzeni momwe zinkakhalira. Aphunzitsi akati tiwerenga mmodzi mmodzi kutsata mzere, ine ndinkawerenga mitu ya anzanga omwe ali patsogolo panga kuti ndidziwe ndime yomwe idzandigwere. Kenako ndinkanong'oneza mnzanga wa pambali kuti andiwerengere, n'kuiloweza. Nthawi yonseyo zomwe ena akuwerenga sindinkazimva n'komwe, mtima uli pa ndime yanga. Wina akadumphidwa, ndime n'kusintha, ndinkapempha kupita kuchimbudzi. Tsiku lomwe andikaniza ndinkaimirira, thukuta lili kamukamu, anzanga akuseka. Mwana wotero mungamutche waulesi? Ndinkagwira ntchito yobisa vuto langa kuposa momwe anzanga ankagwirira ntchito yowerenga.

Ndili wamkulu kale ndi pomwe ndinamva za dyslexia, vuto lomwe limachititsa kuti munthu azivutika kuphunzira kuwerenga. Mayi, zomwe mwanena zoti nkhani ya pakamwa amaigwira, manja ake ndi aluso, koma buku limamugwetsa nkhope, zandikumbutsa ubwana wanga. Sindikunena kuti mwana wanu ali nayo, ine si dokotala. Ndikungoti musalole kuti adzione ngati mbuli.

Namwino wa ana (22:55)

Zikomo achimwene potiuza zimenezi. Malume, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaunika kafukufuku wambiri pa nkhani ya kumenya ana, ndipo linapeza kuti kumayendera limodzi ndi kusakhoza bwino kusukulu ndiponso kusiya sukulu. Mwana wamantha maganizo ake amakhala pa dzanja la womenyayo, osati pa tsamba.

Malume a ana (23:10)

Ndamva. Komabe mwambo ukhalepo. Nthawi yowerenga ikhale nthawi yowerenga, foni ndi TV zizime.

Mphunzitsi wopuma (23:16)

Apo pokha malume tagwirizana kwathunthu.

Mayi wa anyamata awiri (Lachiwiri, 18:47)

Zikomo nonse, sindinayembekezere kuti mungandiyankhe chonchi. Aphunzitsi, ndachita zija munanena. Malembo akuwadziwa, kupatula b ndi d zomwe amazisinthanitsa. Mawu ngati mutu ndi galu wawerenga, koma mochita kuphatikiza, mu... tu... mutu. Atafika pa mphepo anangoti duu, kenako anati "mapepala". Pa nkhope anati "nkhani". Ziganizo anayesa chimodzi, anafika kumapeto, koma nditamufunsa kuti chikunena chiyani anati waiwala. Ku pepala la nkhani sitinafikeko. Ndamufunsanso za m'kalasi monga ananenera anamwino. Akuti Lachitatu ndi Lachisanu amawerenga mokweza ndipo pali anyamata awiri omwe amamuyeserera akamadodoma. Ndasungitsa malo oti akamuyeze maso ndi makutu sabata yamawa.

Mphunzitsi wopuma (19:30)

Mwagwira ntchito yaikulu mayi. Tsopano tikudziwa kuti mwanayu ali pa msinkhu wa mawu, ndipo chomutchinga ndi maphatikizo a malembo atatu kapena anayi: mphe, nkho, ntha, ng'o, tchi, mbwe, ndi ena otero. Taonani zomwe anachita. Anaona m ndi p n'kulota "mapepala", anaona nkh n'kulota "nkhani". Amagwira chiyambi cha mawu, kwinako n'kungoganizira. Ana anzeru ndi omwe amachita zimenezi kwambiri, chifukwa kulota kwawo nthawi zina kumalondola ndipo akuluakulu sazindikira msanga.

Zoiwala chiganizo zisakuopseni. Mutu wa munthu umasunga zinthu zochepa pa nthawi imodzi. Mphamvu zonse zikathera pa kuphatikiza mu ndi tu, sipatsala malo osungira tanthauzo. Kuphatikizako kukadzayamba kuchitika kokha, kumvetsa kudzabwera, poti mwanena kale kuti nkhani ya pakamwa amaimva bwino.

Nazi zoti muzichita. Mphindi 15 pa tsiku, nthawi yomweyomweyo, masiku asanu kapena asanu ndi limodzi pa sabata. Musati maola awiri Loweruka. Zomwe munthu waphunzira zimakhazikika akamazibwereza pang'onopang'ono masiku osiyanasiyana, izi akatswiri anazidziwa kalekale kuyambira pa kafukufuku wa Hermann Ebbinghaus wa mu 1885.

Mphindi zisanu zoyambirira zikhale za maphatikizo. Dulani timapepala, lembani phatikizo limodzi pa kapepala kalikonse. Sabata imodzi banja limodzi lokha, mwachitsanzo mpha, mphe, mphi, mpho, mphu. Ayambe ndi pa, kenako pha, kenako mpha, aone ndi maso ake momwe phatikizo likukulira, amvenso ndi khutu momwe liwu likusinthira. Aike dzanja patsogolo pa kamwa anene pa ndi pha, amva mpweya ukumuomba pa pha. Kenako asanjike timapepalato kupanga mawu: mphe ndi po, mpha ndi sa, mphu ndi no. Inu munene mawu, iye awalembe. Kulemba ndi kuwerenga zimakokana.

Mphindi zisanu zotsatira awerenge kankhani kosavuta, ngakhale ka m'buku la sitandade 1 kapena 2. Ngati akuchita manyazi ndi bukulo, kopererani nkhaniyo pa pepala. Muyeso wake ndi uwu: akamapunthwa pa mawu oposa amodzi mwa mawu khumi alionse, nkhaniyo yamukulira, pezani yofewa. Nkhani imodzi aiwerenge masiku atatu kapena anayi mpaka izituluka mosadodoma. Akakakamira pa mawu, musamuuze msanga. Werengani mumtima mpaka faifi. Akapanda kutulukira, phimbani mawuwo ndi chala kusiya phatikizo loyamba, muzitsegula pang'onopang'ono. Akakanikabe muuzeni, apitirize.

Mphindi zisanu zomaliza inu mumuwerengere nkhani ya msinkhu wake, iye angomvetsera, kenako mukambirane. Gawo ili ambiri amalidumpha koma ndi lofunika zedi. Katswiri wina, Keith Stanovich, anafotokoza mu 1986 kuti ana owerenga bwino amawerenga zambiri, n'kudziwa mawu ambiri, n'kumawerenga bwino koposa, pomwe ovutika amathawa mabuku ndipo mpata pakati pawo umangokulirakulira. Mukamamuwerengera, mawu atsopano ndi nzeru za m'mabuku zizimufikabe pomwe kuwerenga kwake kukukula.

Poyamikira, tchulani chomwe wachita. "Waona, unakakamira pa nthochi koma unabwerera n'kuphatikiza wekha." Mawu oti "ndiwe wanzeru" asiyeni kaye. Akatswiri Claudia Mueller ndi Carol Dweck anaonetsa mu 1998 kuti ana oyamikiridwa nzeru ankathawa ntchito zovuta poopa kuoneka opanda nzeru, pomwe oyamikiridwa khama ankalimbikira.

Mphindi 15 zikakwana, imani, ngakhale zikukoma. Adzuke pa mpando asanatope.

Bambo wa mapasa (19:52)

Nanga homuweki ya kusukulu azitani nayo? Poti imeneyonso ikufunika.

Mphunzitsi wa sitandade 3 (20:20)

Funso limenelo ndiliyankhe ine poti ndili m'kalasi panopa. Mayi, pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake, koma osati pa geti m'mawa ana akulowa. Pemphani nthawi. Tengani mapepala anayi aja mukawaonetse. Kunena zoona, mphunzitsi amene ali ndi ana ambirimbiri m'kalasi amadziwa kuti uyu sakhoza, koma kawirikawiri sapeza mpata wokhala naye yekha kuti aone pomwe pakuvuta. Kholo likabwera ndi mawu oti "ndaona kuti akukakamira pa mph ndi nkh, tithandizane bwanji", mtima wa mphunzitsi umatseguka. Likabwera ndi "mukuphunzitsa bwanji", aliyense amayamba kudziteteza ndipo mwana sapindulapo kanthu.

Mukapemphe zinthu zotheka. Akhale kutsogolo. Asamawerengetsedwe mokweza mwadzidzidzi, koma apatsidwe ndime yake dzulo lake kuti akonzekere kunyumba. Anyamata omuyesererawo aphunzitsi awadziwe. Homuweki ichepetsedwe, mwina mafunso atatu m'malo mwa khumi, ndipo ya maphunziro ena monga sayansi inu muzimuwerengera funso, iye ayankhe pakamwa kenako alembe mwachidule. Musamulembere. Homuweki ikabwera yokhoza yonse pomwe mwana sakutha, mphunzitsi amasokonezeka, amaganiza kuti zinthu zili bwino.

Mudziwenso kuti mwana wanu sali yekha. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inalengeza mu 2019 kuti m'maiko osauka ndi apakatikati, ana 53 mwa 100 alionse amafika zaka 10 asakutha kuwerenga ndi kumvetsa nkhani yosavuta. Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, mu 2022 anayerekeza kuti chiwerengerocho chafika pa 70. Sindikunena izi kuti tikhale pansi, koma kuti bambo ake aone kuti ana onsewa sangakhale aulesi.

Agogo a zidzukulu zisanu (20:44)

Ndiye zobwerezazo mukuti n'zoipa? Poti ine mdzukulu wanga wina anabwereza ndipo pano akuchita bwino.

Mphunzitsi wa sitandade 3 (21:02)

Agogo, alipo ana omwe zimawathandiza, makamaka amene anayamba sukulu ali aang'ono kwambiri kapena amene anajomba miyezi yambiri chifukwa cha matenda. Mdzukulu wanu mwina ndi mmodzi mwa iwo. Koma bungwe la Education Endowment Foundation la ku England, lomwe limasonkhanitsa kafukufuku wa zamaphunziro, linapeza kuti tikatenga ana ambiri pamodzi, obwereza amatsalira m'mbuyo poyerekeza ndi anzawo ofanana nawo omwe anapitirira, ndiponso amakhala pa chiopsezo chachikulu chosiya sukulu. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mwana wa mayiwa akabwereza sitandade 4 adzapeza buku lomwelo, liwiro lomwelo, ndipo palibe adzabwerere naye ku mpha ndi nkho, chifukwa zimenezo si za sitandade 4. Chowonjezereka ndi manyazi okhala ndi ang'ono ake.

Ndiye funso loti mukafunse kusukulu ndi ili: akabwereza, chidzasinthe n'chiyani pa kaphunzitsidwe kake? Yankho likakhala lomveka, ganizirani. Likakhala loti "adzangozolowera", ine sindingavomere msanga. Chaka sichinathe, nthawi yoti asinthe ilipo.

Wokonza magetsi (21:25)

Funso kwa aphunzitsi ndi anamwino. Zosinthanitsa b ndi d zija pa zaka 9, si chizindikiro cha dyslexia chimenecho?

Namwino wa ana (21:48)

Pachokha ayi. Ana ambiri amatembenuza malembo mpaka zaka 7 kapena kupitirira pang'ono, ndipo mwana amene sanawerenge zambiri amachedwa kusiya. Anthu amaganiza kuti dyslexia ndi kuona malembo chagada, koma gwero lake lili pa maliwu: kuvutika kumva kuti mawu amapangidwa ndi timaliwu ting'onoting'ono, ndi kulumikiza timaliwuto ndi malembo. Si nkhani yatsopano, dzinalo analiyambitsa ndi dokotala wa maso wa ku Germany, Rudolf Berlin, m'zaka za m'ma 1880. Imayenda m'magazi, ndiye mayi mufufuze ngati kwanu kapena kwa bambo ake kuli wina amene kuwerenga kunamuvuta chonchi. Kawirikawiri amati imakhudza ana pakati pa 5 ndi 10 mwa 100 alionse, ndipo sikhudzana ndi kuchepa nzeru.

Mungayese izi popanda pepala. Mufunseni kuti mawu oti "gule" tikachotsa "gu" patsala chiyani. Kapena atchule mawu atatu oyamba ndi liwu lofanana ndi la "sopo". Mwana wa zaka 9 zikamamuvuta zoterezi, ndiponso mukaphunzira naye mokhulupirika kwa miyezi itatu kapena inayi osaona kusintha, funsani kusukulu za mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera kuti amuunike. Chabwino n'chakuti zomwe alemba aphunzitsi opuma zija, zophunzitsa maliwu ndi maphatikizo mwadongosolo, ndi zomwezonso zimathandiza mwana wa dyslexia. Amangofunika nthawi yotalikirapo ndi kubwereza kochuluka. Simukutaya kanthu poyamba lero.

Azakhali olera ana amasiye (Lachitatu, 06:15)

Ndawerenga zonsezi mothandizidwa ndi mwana wa mnzanga, ndi iyenso akundilembera. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndikulera mtsikana wa malemu mchimwene wanga, ali sitandade 3, nayenso zikumuvuta chimwalirireni bambo ake. Kale ankakhoza. Munthu ngati ine ndingamuthandize bwanji?

Mphunzitsi wopuma (07:02)

Azakhali, pepani ndi zovutazo, ndipo zikomo pomutenga mwanayo. Mawu anu oti "kale ankakhoza" ndi ofunika kwambiri. Uyu vuto lake likhoza kukhala losiyana ndi la mnyamata uja. Mwana amene ankachita bwino n'kutsika mwadzidzidzi, timayang'ana chomwe chasintha pa moyo wake: maliro, kusamuka, kudwala, kuzunzidwa ndi wina. Chisoni cha mwana sichioneka ngati cha wamkulu. Amatha kusewera masana, koma m'kalasi maganizo ali kutali, usiku tulo osabwera. Auzeni aphunzitsi ake za malirowo ngati sakudziwa. Mulolenso azikamba za bambo ake akafuna, musamuletse poopa kuti alira.

Za kuwerengazo, muli ndi zambiri zoti mungachite. Mukhazikeni pafupi nanu madzulo akuwerengereni mokweza. Ngakhale simukuona pa tsamba, khutu lanu lidziwa chiganizo chikapanda kumveka, ndiye muzimufunsa kuti "tabwereza pamenepo, sindinamve". Akamaliza mufunseni kuti nkhaniyo imati chiyani, wachita bwino ndani, iye akanatani. Muzimufotokozera nthano ndi nkhani za kale, kenako iye akubwezereni. Tsiku lililonse akuonetseni kope lake, akufotokozereni zomwe aphunzira. Mwana akadziwa kuti kunyumba kuli munthu wodikira kumva, amamvetsera m'kalasi kuti akapeze chokanena. Za timapepala ta maphatikizo zija, mwana wa mnzanuyo kapena wina wa makalasi apamwamba angathandize, inu muzingoonetsetsa kuti nthawiyo ikusungidwa ndipo wophunzitsayo sakumukalipira.

Muonetsetsenso kuti ntchito za pakhomo sizikumudyera nthawi yonse ndipo sakujomba. Ana olereredwa ndi achibale, makamaka atsikana, nthawi zambiri amadzipanikiza okha ndi ntchito pofuna kuti asaoneke olemetsa.

Azakhali olera ana amasiye (07:40)

Zomalizazo mwalasa. Amadzuka ine ndisanadzuke n'kuyamba kusesa, osamutuma. Ndilankhula naye.

Bambo wa mtsikana mmodzi (12:18)

Pepani kulowerera, koma poti aphunzitsi alipo. Wanga kuwerenga alibe vuto, koma masamu ochotsera. Dzulo 52 kuchotsa 17 analemba 45. Wina 63 kuchotsa 28 analembanso 45. Ndamufotokozera zobwereka mobwerezabwereza, amavomera, mawa lake wabwerera pomwepo.

Mphunzitsi wa sitandade 3 (13:05)

Bambo, mwana wanu sakulota, ali ndi lamulo lake lomwe akulitsata mokhulupirika. Taonani 52 kuchotsa 17. Kumanja kuli 2 pamwamba, 7 pansi. Iye akuti 2 kuchotsa 7 sizitheka, ndiye akutembenuza, 7 kuchotsa 2, wapeza 5. Kumanzere 5 kuchotsa 1, wapeza 4. Yankho 45. Pa 63 kuchotsa 28 chimodzimodzi: 8 kuchotsa 3 ndi 5, 6 kuchotsa 2 ndi 4. Kulakwitsa kumeneku n'kofala kwambiri pa msinkhu umenewu. Kukuonetsa kuti akuona 5 ndi 2 ngati manambala awiri oyandikana, sakuona kuti 5 uja ndi makumi asanu.

Siyani kaye pensulo. Pezani timitengo kapena mapesi a machesi ambiri, mumange mitolo ya khumi khumi ndi mphira. Muuzeni akuikireni 52: mitolo isanu ndi timitengo tiwiri tapadera. Kenako nenani, "ndipatse 17". Musamuuze chochita. Adzakupatsani mtolo umodzi, kenako adzayang'ana timitengo tiwiri tija n'kuona kuti sitikwana 7. Dikirani. Nthawi zambiri mwana amafunsa yekha kuti "ndimasule mtolo?" Akamasula, ali ndi timitengo 12, achotsa 7, patsala 5, ndipo mitolo yatsala itatu. Wapeza 35 ndi manja ake.

Achite zimenezi masiku angapo asanabwerere ku kope. Pobwerera, timitengo tikhale pambali, ndipo chilichonse chomwe wachita ndi manja achilembe: wamasula mtolo, adule 5 alembe 4, pa 2 paja pakhale 12. Mawu oti "kubwereka" ine ndimawapewa poyamba, ndimati "kumasula mtolo", chifukwa ndi zomwe zikuchitikadi. Muphunzitseninso kudziyesa yekha pophatikiza: 45 kuphatikiza 17 ikubweza 52 kodi? Akapeza 62 adziwa yekha kuti penapake palakwika.

Bambo wa mtsikana mmodzi (13:22)

Ndayang'ana m'kope lake lonse, masamu onse olakwa ndi a mtundu umenewu. Machesi alipo, tiyamba madzulo ano.

Mphunzitsi wa sitandade 3 (13:30)

Akazolowera mumuyese 40 kuchotsa 13, chifukwa pa ziro ndi pomwe ana ambiri amakakamiranso. Akalemba 33 mudziwe kuti lamulo lakale lija likadalipo, mubwerere ku mitolo. Za manambala a mahandiredi monga 302 kuchotsa 148 musafulumire nazo, zimafuna kumasula kawiri, ndipo ndidzakufotokozerani akafikapo.